Mwana akamayezedwa nzeru, funsani za sikelo yake

Abale anga a kuno ku Doha, ena mwa inu aphunzitsi anakuuzanipo kuti mwana akuchedwa kulankhula kapena sakugwira za m'kalasi, ndiye mupite naye akamuyeze. Ine monga namwino ndikuti pitani ndithu, koma mudziwe kaye mmene mayeso amenewa amagwirira ntchito.

Mayeso a nzeru ali ngati sikelo ya chimanga. Sikelo yabwino imati makilo 50 ndi 50 basi, kaya thumbalo lachokera ku Ntcheu kaya ku Mzimba. Akatswiri a kafukufuku amati measurement invariance, kutanthauza kuti funso lililonse liziyeza chinthu chimodzimodzi mwa ana a zilankhulo ndi zikhalidwe zosiyana. Zikapanda kutero, malikisi a ana awiri sangayerekezedwe.

Kwathu vutoli linaonekapo. Dr Melissa Gladstone ndi anzake anapeza kuti mafunso ena a mayeso a ku America otchedwa Denver II sankagwirizana ndi moyo wa kumudzi, monga lofunsa ngati mwana amatha kudzikonzera yekha cereal. Mwana wokulira phala aidziwira kuti? Choncho mu 2010 anatulutsa Malawi Developmental Assessment Tool, ya mafunso 136 okhudza kuyenda, kugwiritsa ntchito manja, kulankhula ndi kukhala ndi anthu, ataiyesa pa ana oposa 1,400.

Kunonso n'chimodzimodzi. Mwana wolankhula Chichewa kunyumba akayezedwa m'Chingerezi kapena m'Chiarabu, akhoza kulephera funso chifukwa cha mawu, osati nzeru. Dziwaninso kuti malikisi a IQ ochepera 70 paokha sakwanira kunena kuti mwana ali ndi ulumali wa nzeru. Amaonanso ngati amatha kudzisamalira, monga kuvala ndi kudya yekha.

Ndiye mukapita ku Child Development Center, ku Sidra Medicine kapena ku Shafallah Center, auzeni zilankhulo zonse za mwanayo ndi chaka chimene anabwera kuno. Funsani ngati mayesowo anakonzedwera ana ngati wanu. Pemphani womasulira kapena mayeso osadalira mawu, komanso amuyeze makutu.

Koma chonde chilankhulo chisakhale pobisalira. Kukula ndi zilankhulo ziwiri sikubweretsa ulumali ayi. Ngati mwana akutsalira ngakhale m'Chichewa momwe, musadikire kuti akule kaye. Thandizo limagwira bwino likayamba msanga.