AMISIRI ADZUTSA ZEZE WAKALE WA KU IRELAND

Ali yense amene anagwirapo ndalama ya citsulo ya dziko la Ireland anaonapo cithunzi ca zeze. Zeze mwini wace alipo ndithu. Asungidwa pa sukulu yaikuru ya Trinity College mu mzinda wa Dublin, ndipo anthu ophunzira ati anapangidwa zaka zoposa 500 zapitazo.

Nsambo zace ziri za mkuwa, zokwana ngati 30, ndipo woyimba amaziliza ndi zikhadabo zazitali. Mimba yace inasemedwa m'cipika cimodzi monga asemera bwato. Nsambo iri yonse imalira nthawi yaitali ngati belu, kotero woyimba amaigwira ndi cala kuti mau angasokonezane.

LUSO LINAFA

M'caka ca 1792 oyimba ocepa amene anatsala, ambiri a iwo akhungu, anasonkhana ku Belfast, ndipo mnyamata wina, Edward Bunting, analemba nyimbo zao. Mmodzi yekha, nkhalamba Denis Hempson, ndiye anali kulizabe ndi zikhadabo. Iye anamwalira mu 1807, ndipo pofika 1900 panalibenso wodziwa mayimbidwe akalewo.

Mu 1961 zeze wa ku Dublin anapita ku British Museum ku London kukakonzedwa. Anamuika nsambo, ndipo Mai Mary Rowland anamuliza. Koma mtengo wokalamba sungapirire kukoka kwa nsambo za mkuwa masiku onse. Ici ndico cifukwa cace amisiri amasema azeze atsopano ofanana ndi akalewo.

NCHITO YA AMISIRI

Mmisiri amayamba ndi kuyesa zeze wakale mbali zonse, pakuti akalakwitsa kucindikala kwa mimba mau amasintha. Mu 2010 zeze wina wochedwa Queen Mary, wosungidwa ku Edinburgh, anaunikidwa ndi makina a madotolo oonera m'kati mwa thupi, ndipo zinaoneka zolumikizira zimene maso sakadaziona. Bungwe la Historical Harp Society of Ireland, limene linayamba mu 2002, limaphunzitsa anthu kuliza azeze otere.

Nkhani iyi iri ndi phunziro kwa eni bangwe, amenenso amamangidwa ndi waya. Bambo Hugh Tracey anajambula oyimba bangwe m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo mau ao asungidwa pa Rhodes University ku South Africa. Anthu a ku Ireland anacedwa, nafunsa mtengo m'malo mwa munthu. Kwathu akulu odziwa kusema ndi kumanga bangwe akalipo, ndipo wofuna kuphunzira angathe kuwafunsa pakamwa.