Dontho Lakuda: Gawo 4

Minibasi ya Quantum inalowa pagalaja ya amalume ku Pretoria West Lachinayi madzulo, ikusiya mzere wa madontho akuda kuyambira pageti. Mwini wake, madala a ku Mangochi amene amatengera anthu katundu kumudzi, anakana ndi mpando womwe.

"Amisiri, Loweruka mbandakucha ndikhale ndili pamsewu. Ulendo uno si wa mafiriji ndi matilesi. Ndanyamula maliro."

Tonse tinali titamva kale. Malemuyo anali mnyamata wa kwathu amene ankasamalira maluwa m'nyumba za ku Centurion. Amalawi a ku Sunnyside ndi ku Mamelodi anasonkherana kangachepe kuti akagone pafupi ndi makolo ake.

Amalume sathamangira sipanala. Anandituma kutsuka injini yonse ndi palafini, kenako ndinailiza iwo atagona chagada pansi, tochi kukamwa. Oilo amanamiza munthu. Atha kutulukira pamwamba, pa tapeti kava, n'kutsetserekera kumbuyo, iwe n'kutsitsa giyabokosi pachabe. Koma pamwamba panali pouma gwa. Dontho linkachokera pokumanira injini ndi giyabokosi. Analitapa ndi chala n'kununkhiza.

"Si wa m'giyabokosi uyu, uja amanunkha ngati adyo. Ndi sili ya kumbuyo kwa crankshaft."

Siliyo ndi kamkombero ka labala, kotsika mtengo. Chodula ndi njira yokafika komwe imakhala. Lachisanu lonse linathera pansi pa galimoto: kumasula propshaft, sitata, kutsitsa giyabokosi pa jeke, kuchotsa kilatchi, kenako flywheel ndi mabawuti ake okakamira. Mbale ya kilatchi inali itanyowa ndi oilo, n'chifukwa chake madala aja ankadandaula kuti pachitunda injini imangolira koma galimoto osathamanga. Ndinathamangira m'tauni kukagula ina pamodzi ndi sili.

Pobwerako ndinapeza amalume ali duu, sili yakale ili m'manja.

"Mphwanga, taigwira."

Ndinkayembekezera labala wouma, wong'aluka. Inali yofewa, yatsopano ndithu. Chonsecho madala aja analumbira kuti injiniyo sinatsegulidwepo.

"Sili yatsopano sidontha popanda chifukwa," anatero amalume. Anayendetsa chikhadabo kumbuyo kwa crankshaft, pamene labala amakhudza, kufuna kumva ngati pali kanjira kodyeka. Panalibe. Anapemerera paipi yopumira injini, poti ikatsekeka mpweya umadzaza m'kati n'kukankhira oilo pasili. Inali bwinobwino. Kenako anabwezera mabawuti awiri, n'kukanula ndi tayala liva.

Gu! Crankshaft yonse inasuntha, kutsogolo ndi kumbuyo, ine ndikuona ndi maso angawa. Injini yamoyo imasuntha pang'ono zedi, diso silingaone.

"Tsitsa sampu."

Kunja kunali kutada. M'matope a oilo, pansi pa sampu, zala zanga zinakhudza kachitsulo kokhota, theka la mkombero, kodyeka mbali imodzi. Thrust washer. Ndi imene imagwira crankshaft kuti isamayendeyende woyendetsa akaponda kilatchi. Amalume anaunika pomwe inachokera, ndipo nkhope ya crankshaft inali itakandikakandika. Kubwezera washa yokha sikukanathandiza. Crankshaft inkafunika ichoke, ipite kwa amakina, ndipo amenewo anali atatseka mpaka Lolemba.

Ndinauona msewu wonse m'mutu mwanga: N1 kudutsa Polokwane ndi Musina, mzere wa pa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, chitunda cha ku Zobue, mpaka pa Mwanza. Makilomita oposa 1,500, ngolo kumbuyo, anamfedwa m'kati, thupi losayenera kuchedwa panjira.

Cha m'ma 9 koloko nyali za galimoto zinawala pageti. Madala aja analowa okha poyamba. Ataona kachitsuloko sanadabwe, ndipo kusadabwa kwawoko ndiko kunandiopsa. Anakokera amalume kuseri kwa Quantum, koma mawu ndinawamva.

"Mapepala onse atuluka. Ndalama za anthu ndinalandira kale, zina zinapita kungongole. Ikani sili, tsekani. Ikangowoloka Beitbridge, zinazo n'zanga."

Envulopu inatuluka m'thumba la jekete. Amalume sanailandire, komanso sanaikane. Lendi ya galaja inali ndi miyezi iwiri isanalipidwe, ndipo madalawo ankadziwa.

Sindinamve kuti geti latsegukanso. Nditacheuka, pambali panga panali pataima mayi wachitsikana, duku lakuda kumutu, mwana kumsana. Anali mkazi wa malemu. Anagwada pasimenti ya oilo ija.

"Achimwene, pepani ndakusokonezani. Apongozi akungoimba foni, akuti adzukulu ayambe kukumba Lamulungu. Ndiwayankhe chiyani? Galimotoyi ikafika?"

Kachitsulo kaja kanali m'nkhonya mwanga. Kuseri kwa Quantum kunangoti zii, ndipo amalume ndi madala aja anasuzumira onse awiri, kudikira kuti nditsegule pakamwa.

Ipitirira sabata yamawa.