Zomera za m'malire: phunziro la Mulanje ndi Nyika

Mu 1983, Frank White wa ku yunivesite ya Oxford adatulutsa mapu ogawa Africa potengera zomera zake. Malawi adagwera m'chigawo cha Zambezia, kwawo kwa mombo ndi misuku, koma mapiri athu aatali adawaika m'chigawo china chomwe chamwazikana ngati zilumba kuyambira ku Ethiopia mpaka ku South Africa. Choncho munthu wokwera Mulanje kuchokera ku Likhubula amadutsa malire a zigawo ziwiri tsiku limodzi, osadziwa n'komwe.

Kuno kumakumananso zomera zakumpoto ndi zakummwera. Ku Nyika kuli kankhalango ka Juniperus procera, mtengo wofala ku Ethiopia ndi ku Kenya, womwe ukafika kuno uli pafupi ndi mapeto a ulendo wake. Pamene mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, abale ake ali kummwera, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Udatsakamira paphiri limodzi, utazingidwa ndi chigwa chotentha chomwe sungamerepo, mpaka udasanduka mtundu pawokha. Lero sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. Mikungudza ya ku Zomba ndi yochita kubzala.

Ena angatsutse, ndipo mfundo yawo si yopanda pake. Akatswiri ena amati madera a m'malire amangodzaza ndi zomera zobwereka mbali zonse ziwiri, zawozawo n'zochepa, kotero ndalama zoteteza chilengedwe zipite pakatikati pa chigawo. Pachidikha zimenezi n'zoona, chifukwa mbewu zimayenda popanda chotchinga ndipo mitundu imangosakanikirana. Koma malire akakwera phiri nkhani imasintha. Mphepo ya chiperoni imaunjika nkhungu kummwera ndi kummawa kwa Mulanje, mbali inayo n'kumauma, ndipo kuzizira kumakula ukamayandikira nsonga ya Sapitwa, pa mamita 3,002. Pamtunda wochepa pali nyengo zingapo, ndipo chomera chikazolowera kampata kake kamodzi chilibe kothawira.

Mkungudza womwewo ndi mboni. Mbande zake sizikula mumthunzi wa nkhalango yowirira, komanso pamsipu moto wolusa umazipsereza zisanakhwime khungwa. Malo ake ndi kamzere ka pakati, pomwe nkhalango ikuthera ndi udzu ukuyambira. Tsoka lake, kamzere komweko ndi komwe moto wa alenje umafikira chaka ndi chaka, ndipo mikungudza ikuluikulu ocheka matabwa adaimaliza, ngakhale mtengowu udalengezedwa kukhala wa fuko mu 1984.

N'chifukwa chake kulondera nsonga ya phiri yokha, kapena mtima wa nkhalango wokha, n'kuteteza theka. Mbande za mkungudza zikubzalidwanso pa Mulanje, ndipo ndi ntchito yotamandika, koma popanda kulambula njira zotchinga moto m'mphepete mwa nkhalango chilimwe chilichonse, mbandezo sizidzafika pobala njere.