Artemisia ndi malungo: kodi masamba okha ndi okwanira?

Kodi chitsamba chimenechi kwawo ndi kuti?

Kwawo ndi ku China, kumene amachitcha qinghao. Akatswiri a zomera amati Artemisia annua. Chimatha kutalika kuposa munthu, masamba ake ndi ong'ambikang'ambika ngati a karoti, ndipo ukawafikisa m'manja fungo lake limakanirira. Cha m'ma 340, sing'anga Ge Hong analemba kuti wodwala malungo aviike masambawa m'madzi, awafinye, n'kumwa madziwo.

Nanga chinalowa bwanji m'chipatala?

Mu 1967 boma la China linayamba kufunafuna mankhwala atsopano a malungo, poti chloroquine anali atayamba kulephera. Mayi Tu Youyou, powerenga za Ge Hong, anaona kuti mkuluyo sanatchule zowiritsa. Anaganiza kuti moto ndiwo unkaononga mphamvu ya masamba, choncho anayesa kuichotsa popanda kutenthetsa kwambiri, ndipo zinatheka. Mu 1972 gulu lake linapeza artemisinin, mankhwala amene ali m'masambawo, ndipo mu 2015 mayiyu analandira mphoto ya Nobel. LA amene Malawi anayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, m'malo mwa Fansidar, muli artemether wochokera ku artemisinin yemweyo.

Ndiye bwanji osangobzala kuseri kwa nyumba n'kumamwa ngati tiyi?

Apa m'pamene ambiri amaphonya. Mphamvu ya masamba imasiyana malinga ndi mbewu, nthaka, nthawi yokolola ndi kaumitsidwe, moti womwa sadziwa mlingo umene walowa m'thupi. Chinanso, artemisinin amapha tizilombo mofulumira koma sakhalitsa m'magazi. N'chifukwa chake mu LA anaikamo lumefantrine, amene amatsalira kumalizitsa tizilombo topulumuka. Tiyi alibe mnzake wotero. Thupi limatha kuzizira, munthu n'kunyamula khasu poganiza kuti wachira, pamene malungo angobisala. Kwa mwana wamng'ono kapena mayi woyembekezera, masiku otayikawo ndi oopsa.

Palinso vuto lokhudza tonse: tizilombo tikamakumana ndi mankhwala osakwanira timazolowera. Ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin. Bungwe la WHO silivomereza tiyi kapena ufa wa masambawa pochiza kapena kupewa malungo, ndipo ine ndikuona kuti silikulakwa.

Kodi Artemisia afra wa kuno ku Africa ndi yemweyo?

Ayi, ndi m'bale wake chabe. Ku South Africa amamugwiritsa ntchito pa chifuwa ndi chimfine, koma artemisinin alibe, kapena ali naye wochepa zedi. Kaya ndi annua kapena afra, amene akumva kuphwanya m'thupi ayambe wakayezetsa magazi.