KABATI YA PABALAZA INATIPHUNZITSA KUKHALA PANYUMBA

Pa 18 Marichi 2020 boma linalengeza kuti matenda a Covid-19 alowa muno m'Zambia, ndipo patangopita masiku awiri masukulu onse anatsekedwa. Sabata lotsatira malo omwera mowa anatsekedwanso, misonkhano ya anthu oposa 50 inaletsedwa, ndipo maepiskopi anaimitsa Misa za pagulu. Ife amene tinazolowera kuti pa Ciweru tili ndi ana a katekisimu, pa Sondo tili ku chalichi, mkati mwa sabata tili kumphakati kapena pamaliro, tinangozindikira kuti takhala pakhonde ngati nkhuku yomangidwa mwendo.

Awerengi athu, kukhala panyumba si nchito yapafupi kwa mwamuna wozolowera kuyenda. M'nyumba munali ife, amai a kunyumba ndi adzukulu anai amene makolo ao anawatumiza kucokera ku Lusaka. Malaiti anali kuthima maola ambiri, motero TV sinatithandize. Wailesi inali kungochula ciwerengero ca odwala. Pofika sabata lacitatu tinayamba kukangana pa zinthu zacabe, monga amene wasuntha mpando ndi amene watsiriza shuga.

Tsiku lina amai anati, "Popeza mwasowa cocita, pukutani kabati." Mukuidziwa kabati ija ya magalasi imene imaima pabalaza m'nyumba zambiri, mosungira makapu a alendo amene sabwera. M'kabati mwathu munali tiagalu tiwiri ta dothi loyera, mphatso ya pa ukwati wathu. Munalinso kanjovu ka mukwa kogula ku Kabwata Cultural Village, ndi kamnyamata ka nsapato zazikulu, konyamula cikwama ndi ambulera. Kamnyamatako anatipatsa ndi sisitere wina wokalamba wa ku Ulaya pamene anali kubwerera kwao. Kanakhala m'menemo zaka zoposa 20, koma palibe tsiku limene tinakatembenuza kuti tione pansi pake.

Anakatembenuza ndi mdzukulu wathu wamkazi. Anapeza dzina lakuti M. I. Hummel, ndi cizindikiro ca njuci mkati mwa cilembo ca V. Anafufuza pa foni, ndipo usiku umenewo, kandulo akuyaka, anatiwerengera mbiri imene sitinali kuidziwa.

Berta Hummel anabadwa mu 1909 ku Massing, m'cigawo ca Bavaria ku Germany. Atatsiriza maphunziro a zojambula ku Munich mu 1931, analowa m'cipani ca masisitere ku Siessen, natenga dzina lakuti Maria Innocentia. Anali kukonda kujambula ana a kumudzi: wina akudyetsa atsekwe, wina akuimba, wina wakwera mumtengo. Franz Goebel, mwini fakitale youmba zinthu za dothi loyera, anaona zithunzizo napempha cilolezo coti aumbe anawo, ndipo tiziboliboli toyamba tinaonekera pa cionetsero ca malonda ku Leipzig mu 1935. Cizindikiro ca njuci cinabwera ca m'ma 1950, cifukwa m'Cijeremani dzina lakuti Hummel ndi la mtundu wina wa njuci zazikulu.

Boma la Hitler linadana ndi zojambula za sisitereyo. Mu 1940 linalanda nyumba ya masisitere ndi kupitikitsa ambiri a iwo. Otsalawo anakhala mopanikizana m'zipinda zozizira, ndipo ndalama zocokera ku zojambula za mnzaoyo zinawathandiza kupeza cakudya. Iye anadwala cifuwa cacikulu namwalira mu Novembala 1946 ali ndi zaka 37 cabe. Mdzukulu atafika pamenepo tonse tinakhala cete. Kamnyamata kosekerera kaja kanacokera m'manja mwa munthu amene nayenso anadzatsekeredwa m'nyumba, mapapo ake akutha.

Mdzukulu wamkulu, wa giredi 11, anathamangira ku ndalama. "Agogo, talemera!" anatero. Koma foni yomweyo inamuziziritsa. Nkhondo itatha, asilikali a ku America amene anali ku Germany anagula zoumba zimenezi ndi kuzitumiza kwao, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anthu ambiri kumeneko anazisonkhanitsa poganiza kuti ndi cuma ca mtsogolo. Fakitale inaumba zambirimbiri. Eni ake atakalamba ndi kumwalira, ana ao anazikhuthulira pamsika, mtengo unagwa, ndipo mu 2008 kampani ya Goebel inaleka kuziumba, nchitoyo nkupita m'manja mwa ena. Lero zambiri zimagulitsidwa mochipa, kupatula zocepa zakale kwambiri ndi zosowa. Akulu anati cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Wosonkhanitsa zinthu kuti alemere amasunga nkhawa m'kabati. Mtengo weniweni wa kamnyamata kathu ndi nkhope ya sisitere amene anatipatsa, ndipo umenewo sugwa.

Titamaliza kabati tinatsegula thiranki. Pansi pa mabulangete tinapeza zoumba za khola la Khrisimasi, zopangidwa ndi pulasitala woyera wonga coko, zimene malemu atate athu anabwera nazo kucokera ku mishoni kumene anali kugwira nchito. Yosefe analibe dzanja, mmodzi mwa anzeru a kum'mawa anali atasowa, ndipo nkhosa inatsala imodzi. Kukonza kunatitengera masabata atatu: burashi yofewa yocotsera fumbi, guluu woyera wa akalipentala, ndi utoto wa ana a sukulu. Tinadabwa kuona kuti munthu akagwira kadzanja ka Yosefe kudikira kuti guluu agwire, sangakangane ndi wina aliyense. Nyumba inakhala phee, koma sikunali kusungulumwa kwa masiku oyamba aja.

Vuto la nkhosa linatikumbutsa zimene wansembe wina wa ku France anatiuza tili ku seminale yaing'ono. Pa nthawi ya cipolowe cacikulu ca ku France, m'zaka za m'ma 1790, boma linatseka machalichi ndi kuletsa Misa ya pakati pa usiku pa Khrisimasi. Anthu a ku Provence anayamba kukonza timakola ting'onoting'ono m'nyumba zao. Jean-Louis Lagnel wa ku Marseille anayamba kuumba tianthu ta dothi m'zikombole, totsika mtengo moti wosauka anali kukwanitsa kugula. Tianthu timeneti amaticha santon, kutanthauza woyera wamng'ono. Pambali pa abusa ndi anzeru anaikapo anthu wamba a m'mudzi mwao: wogaya ufa, mai wogulitsa nsomba, wophika buledi, wonola mipeni. Msika wa zoumbazi unayamba ku Marseille mu 1803, ndipo umacitikabe caka ndi caka. Zitseko za chalichi zitatsekedwa, manja a anthu anatseguka.

Nafenso tinapita kudambo kukakumba dothi. Pamenepo tinacita manyazi, cifukwa adzukulu athu obadwira m'tauni anali asanaumbepo kanthu. Ife tinakula tikuumba ng'ombe za dothi kubusa, za linunda ndi nyanga zokhota, nkumazimenyanitsa mpaka nyanga zitathyoka. Zaka zoposa 40 zinali zitapita, koma zala sizinaiwale. Tinawaonetsa kukanda dothi mpaka lisalale, kucotsa timiyala, kuumitsa pamthunzi masiku angapo kuti lisang'ambike, kenaka kuocha pang'onopang'ono m'makala. Nkhosa zoyamba zinafanana ndi nkhumba. Koma pofika Khrisimasi ya 2020, pakhola pathu panaima mai wogulitsa matimati, mnyamata wa wilibala, kondakita wa minibasi, ndi nesi wovala masiki.

Mu Juni ndi Julayi 2021 matenda anabweranso ndi ukali woposa kale. Zipatala zinadzaza, ndipo m'nyengo imeneyo tinataya mnzathu amene tinaimba naye m'kwaya zaka zambiri. Anaikidwa msanga, anthu ocepa ataima patali. Panalibe kugona pamaliro, panalibe kuimba usiku wonse, panalibe kukhala pansi ndi mkazi wamasiye. Kwa ife a kuno, maliro otere amasiya bala losapola. Madzulo ace mdzukulu wamng'ono, osatumidwa ndi munthu, anaumba bambo wovala cipewa akukankha njinga, nati, "Awa ndi aja anali kutipatsa maswiti." Tinamuika pafupi ndi abusa, ndipo ali pomwepo mpaka lero. Mabuku a boma amati anthu oposa 4,000 anafa ndi matendawa m'dziko muno. M'nyumba mwathu mmodzi mwa iwo ali ndi nkhope.

Tikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kufunsa ngati zimenezi si mafano. Mnansi wathu wa mpingo wina anatifunsa cimodzimodzi, ndipo tinamloza cithunzi ca malemu amai ake cimene cili pakhoma kwao. Sacipembedza, koma sangalole mwana kucipondera pansi. Msonkhano wa maepiskopi ku Nicaea mu 787 unanena zofanana, kuti ulemu wopatsidwa cithunzi umapita kwa amene cithunzico cikuimira. Kagalu ka pa ukwati ndi kanjovu ka mukwa ndiye alibe mlandu nkomwe.

Funsoli sitikulipeputsa, cifukwa mantha atiwonongera zambiri. Taona mabanja akuocha mipando yosema, ndodo ndi zoumba za agogo ao atauzidwa kuti muli ufiti, osafunsa ngakhale mkulu mmodzi kuti cinthuco cinali ca ciani. Bambo Jean-Jacques Corbeil, wansembe wa cipani ca White Fathers wocokera ku Canada, anacita zosiyana. Kuyambira m'ma 1950 anasonkhanitsa zida, ng'oma ndi zoumba za anthu a kumpoto, kuphatikizapo mbusa zimene Abemba amaphunzitsira anamwali. Zimene anasonkhanitsazo ndizo maziko a Moto Moto Museum ku Mbala, imene inatsegulidwa mu 1974. Akanakhala wa macesi m'thumba, ana athu akanakaona ciani kumeneko? Ngati cinthu cakale cikukusowetsani mtendere, funsani akulu, kapena cipatseni a nyumba yosungira zakale. Phulusa silibwezeka.

Kwa ofuna kusamala zimene ali nazo, nazi zocepa zimene taphunzira. Zoumba za pulasitala musazitsuke m'madzi, cifukwa zimafewa ndipo utoto umacoka. Burashi youma ndi yokwanira. Musaziike padzuwa la pawindo, limafufutsa mitundu. Cosema ca mtengo cikayamba kugwetsa kaufa pansi, dziwani kuti mwalowa tizilombo: cikulungeni bwino m'pulasitiki, ciikeni mufiriza sabata limodzi kapena awiri, ndipo musacimasule mpaka citatenthanso. Kanthu kakathyoka, sungani zidutswa zonse mu envulopu. Cosema ca mnyanga wa njovu musagule ngakhale cikhale cokongola motani, cifukwa kusunga mnyanga popanda cikalata ca boma ndi mlandu. Coposa zonse, lembani pa kapepala dzina la amene anakupatsani, malo ndi caka, nkumata pansi pake. Cinthu cosadziwika mwini wake, ana amacitaya tsiku lotsatira maliro anu.

Mu Meyi 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse linalengeza kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Ife tinali titabwerera kale ku kuthamanga kwathu, ndipo adzukulu anabwerera ku Lusaka. Sitikulakalaka masiku aja. Anatilanda anthu, anawalanda ena nchito, ndipo osema a ku Kabwata ndi ku Mukuni anakhala miyezi ambiri osaona mlendo wogula. Koma tingakhale opusa ngati titaya cimodzi cabwino cimene tinatola m'nyengo yowawayo. Tinapeza kuti nyumba imene tinali kungogonamo ili ndi nkhani zimene sitinazimve, ndi kuti mwana amamasuka kulankhula pamene manja ake ali m'dothi pafupi ndi a agogo ake.

Ncifukwa cake pa Cinai madzulo sitilandira msonkhano uliwonse. Timakhala pabalaza ndi amai, wina ndi singano, wina ndi burashi. Adzukulu akabwera pa holide amafikira kudambo, ndipo pakhola pathu anthu acuruka moti anzeru a kum'mawa akusowa poima.

Inu awerengi, musadikire mliri wina kuti ukukhazikeni pansi. Pa Ciweru likudzali tsegulani kabati, tengani kanthu kamene kakhalitsa m'menemo, katembenuzeni, ndipo itanani ana.