ACHINYAMATA ALANKHULEPO PA ZA UMOYO WA MAGANIZO

Ntchito yanga ya ukhondo imandiyendetsa m'midzi ndi m'maesiteti a fodya m'boma la Kasungu, kumene ndimayendera zitsime, zimbudzi, misika ndi malo osungiramo mankhwala a mbewu. Tsiku lina nditapita kukaona chitsime pa esiteti ina, ndidapeza mnyamata wa zaka ngati 17 atakhala yekha kuseri kwa chigafa. Mayi ake adandiuza kuti padatha miyezi iwiri mwanayo osadya bwino, tulo osagona, ndiponso osacheza ndi anzake. Akuluakulu a m'banjamo adakhala pansi kawiri kukambirana za iye. Ena adati walodzedwa, ena adati ndi chamba, ena adati ndi ulesi chabe. Nditamufunsa mwini wake ngati adanenapo maganizo ake, adayankha kuti palibe adamufunsa. Chimene chinkamudya mumtima ndi ngongole ya feteleza imene idamusiyitsa sukulu ali Folomu 2.

Awerengi, zimene zidachitika m'banja limeneli zingathenso kuchitika m'dziko lonse, ngati malamulo onena za matenda a maganizo akonzedwa achinyamata osafunsidwa. Akale adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

KUKULA KWA VUTOLI

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'Malaŵi munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo theka la iwo anali asanakwane zaka 18. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, monga nkhawa yosatha kapena kukhumudwa kopitirira. Limatinso pafupifupi theka la matenda amenewa limayamba munthu asanapitirire zaka 18. Matendawa si misala yokha yongoyenda m'misewu ayi. Ambiri odwala amadzuka, amapita kudimba, amathyola fodya, koma mumtima muli katundu wolemera. Matenda amenewa ali ndi chithandizo monga malungo ndi chifuwa.

MALAMULO A DZIKO LATHU

Kwa zaka zambiri dziko lino lidatsata lamulo la chaka cha 1948, limene lidakonzedwa m'nthawi ya atsamunda. Lamulo limenelo lidasamala kwambiri za kutsekera wodwala kusiyana ndi kumva mawu ake, ndipo ambiri ankadziwa chipatala cha ku Zomba chokha. M'chaka cha 2020 Unduna wa Zaumoyo udatulutsa ndondomeko yatsopano ya umoyo wa maganizo, ndipo mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolowa m'malo mwa lakale lija. Koma lamulo lili ngati mbewu ya pa nazale: likapanda kuwokeredwa m'midzi silibala kanthu. Pangano la ufulu wa ana la United Nations la mu 1989, limene Malaŵi adalivomera mu 1991, likunena kuti mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zomukhudza.

ANA AKAFUNSIDWA AMANENA ZANZERU

Umboni wake tili nawo konkuno. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan lidatulutsa zimene lidapeza litacheza ndi ana 44 ogwira ntchito m'minda ya fodya ya ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba. Anawo adafotokoza okha za kugwira ntchito mpaka maola 12 pa tsiku, za mutu, chifuwa ndi kufooka, za kumenyedwa ndi kuzunzidwa. Zidadziwika kuti mwana wothyola fodya wonyowa angathe kulowetsa m'thupi kudzera pakhungu chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Mawu a ana aja adamveka kutali ndithu. Ntchito ya utenanti idaletsedwa ndi lamulo mu 2021, koma ngongole, mitengo yotsika ku okushoni ya Chinkhoma ndi kusiya sukulu nthawi yokolola zikali kuvutitsa maganizo a ana athu.

Chitsanzo china ndi pulogalamu ya pa wailesi yotchedwa Nkhawa Njee Yonse Bo, imene idakonzedwa ndi chithandizo cha bungwe la Farm Radio International, ndipo magulu a achinyamata ankaimvera pamodzi ndi kutumiza mafunso awo. Ngakhale dzina lakelo lili m'kalankhulidwe ka achinyamata, chifukwa mwana samvera uthenga umene suli m'mawu ake.

Inenso ndidaphunzira kanthu kwa iwo. Pa msonkhano wina mtsikana adatiuza kuti mankhwala ophera tizilombo amangokhala pansi pa bedi, pamene mwana wosweka mtima angawafike msanga. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri a m'minda, chiwerengero cha anthu odzipha chidatsika koposa theka. Ife tiyambe ndi kukhomera mankhwalawa m'bokosi la loko, kunja kwa nyumba yogonamo.

KODI TICHITE CHIYANI?

1. M'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi ya pa chipatala mukhale mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi osankhidwa ndi anzawo, osati ongolozedwa ndi akuluakulu.

2. Asaiwalike ana osiya sukulu, olumala, atsikana obereka ali aang'ono ndi amene adadwalapo matenda a maganizo.

3. Misonkhano isaikidwe nthawi ya sukulu kapena nthawi yothyola ndi kusoka fodya.

4. Zimene achinyamata anena zilembedwe, ziperekedwe kwa mlangizi wa zaumoyo ndi ku komiti ya chitukuko, kuti zikafike ku khonsolo ya boma. Yankho libwerere kwa iwo, pakuti kufunsa munthu osamuyankha ndi kumunyoza.

5. Mwana akaulula vuto lake, chinsinsi chake chisungidwe.

Mnyamata uja adapita ku chipatala ndi mayi ake, ndipo namwino adakhala naye pansi ndi kumumvetsera. Ngongole ija sidathe tsiku lomwelo, koma adayambanso kudya ndi kucheza.

Makolo, mwana akasintha khalidwe kwa masabata awiri kapena kuposa, musathamangire kumukalipira. Mufunseni modekha, ndipo bwerani naye kuchipatala. Akanena zakuti moyo wamukwana, musamusiye yekha, bwerani tsiku lomwelo. Inu mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, pa 10 October, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo pa dziko lonse, perekani bwalo kwa achinyamata kuti alankhule, inu mukhale pansi mumvetsere.