Malo a m'mbali mwa Bua asagulitsidwe mumdima

Ndinabadwira kufupi ndi mtsinje wa Bua ku Nkhotakota, ndipo ndinakulira kondowole wa mpasa. Mvula ikayamba, malemu bambo anga ankati mpasa wakwera, kutanthauza kuti nsombazo zachoka m'nyanja kukaikira mazira kumtunda. Mpasa umaikira pa timiyala ta m'madzi oyenda. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa, ndipo msodzi wa kunyanja amabwerera ndi bwato lopanda kanthu.

Ndikulemba chifukwa cha zomwe zinachitika kwathu mwezi wathawu. Kunabwera bambo wina wa mumzinda kudzafuna malo a m'mbali mwa mtsinje oti alimepo mbewu zamalonda. Analonjeza mjigo komanso ntchito kwa achinyamata. Kunena zoona, ambiri tinakopeka, popeza ndani safuna chitukuko? Koma pabwalo la amfumu azakhali anga anafunsa kuti mitengo ya m'gombemo ikagwa, dothi lidzagwiridwa ndi chiyani, nanga dimba lawo lidzapita kuti. Panalibe woyankha.

Ine si munthu wokonda nyama kuposa anthu. Ndinagonapo m'munda usiku ndikuomba zitini kuthamangitsa njovu, m'mawa n'kupeza chinangwa chonse chazulidwa. Komabe ndaona ndi maso anga kusintha kwa nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Kale munali njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozembera anazitha mpaka kutsala zosakwana 100. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Mu 2016 ndi 2017 anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo anazinga nkhalangoyi ndi waya wamagetsi.

Vuto ndi loti waya umateteza za mkati zokha. Bua amachokera kutali, kudera la Mchinji, ndipo akatuluka m'nkhalango amadutsa m'minda yathu asanathire m'nyanja. Tikalima mpaka m'gombe ndi kuotcha makala, mpasa sudzafikanso kumene umaikira, ngakhale alonda atachuluka bwanji.

Lamulo la malo a mafumu la 2016 likuti pakhale komiti ya malo pansi pa gulupu aliyense: gulupuyo ngati wapampando, ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo amayi osachepera atatu. Ambiri kwathu sitinkadziwa zimenezi. Titamva, tinagwirizana kuti pasasainidwe pepala lililonse mudzi wonse usanamve zomwe zalembedwamo m'chilankhulo chathu, ndipo kuti gombe la mtsinje lisakhudzidwe. Tinamuuza mlendoyo kuti ngati akufunadi, tikambirane za malo a kumtunda, mwa lendi ya zaka zodziwika. Akuti abweranso.

Pempho langa kwa mafumu athu, khonsolo ya Nkhotakota ndi oyang'anira nkhalango ndi loti muzibwera kumudzi zinthu zisanaipe, osadikira kuti tiyambe tamenyana. Kwa anzanga a m'mbali mwa Bua, Kaombe ndi nyanja ya Chia: funsani mafunso musanaike chidindo cha chala. Ndalama ya malo imatha chaka chisanathe, koma adzukulu athu adzafuna polima ndi ndiwo.